Mkanjo Wakuda wa Mlongoti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino komanso kuti ntchito ikuyenda kumeneko. Kuno matupi ali bwino. Alamu anu akupita kuntchito, ana akudya ndi kusewera, amayi nawo miyendo yasiya kutupa. Mitima yokha ndiyo siili m'malo, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembereni.

Pa foni paja simunandilole kumaliza. Munangoti mwamva kale zonse kwa amayi ndipo ndichite zomwe iwo anena. Chonde werengani mpaka kumapeto, kenako muweruze nokha. Nkhaniyi ndi ya mwana wanu, amene munamusiya m'manja mwanga alamu atamwalira, amene inu nomwe munamutcha Mlongoti chifukwa cha kutalika kwake.

Mukudziwa kuti kusukulu ndimaphunzitsa mabuku a nkhani zakale. Chaka chino ahedi anandiuza kuti ndikonze sewero la tsiku lotsekera. Ndinatola maganizo m'mabuku omwe timawerenga m'kalasi n'kulemba kasewero kanga. Mtsikana wapatsidwa nyali kuti aisunge yoyaka mpaka mwiniwake abwere, ndipo Woyesa akumuzungulira kuti aizimitse. Olemba akale aja, ambiri mwa iwo anthu opemphera, ankakonda nkhani zotere. Woipa wawo sabwera ndi nyanga. Amabwera waulemu, wokumvera chisoni, n'kumakuuza kuti watopa, pumula pang'ono, palibe amene adziwe.

Ana onse anakana gawo la Woyesa. Mlongoti anakweza dzanja akuseka, nati munthu wamtali ngati iye sangabisale kumbuyo kwa kwaya, bola angotenga gawo looneka. Gawo la mtsikana wa nyali linapita kwa mwana wa atelala, kamtsikana kofatsa, mnzake wa desiki imodzi. Atelala omwewo ndi amene anasoka mkanjo wakuda wa Woyesa, ndipo pomuyeza anaseka kuti mwanayu atha nsalu yonse ya m'shopu.

Achimwene, mwana wanu ali ndi luso. Sankakuwa. Ankalankhula motsitsa, akumwetulira, mpaka ine wolemba mawuwo ndinkachita tsemwe.

Masana ena tinali kuyeserera seweroli mu holo, ana a makalasi ena akuonerera. Mlongoti anali atavala mkanjo uja, nkhope atapaka choko chofiira. Atangotambasula dzanja kuti alandire nyali, mwana wa atelala anauma, maso n'kutembenuka. Nyali inagwa, galasi n'kusweka. Mwana uja anagwa chagada n'kuyamba kuphupha, thovu likutuluka kukamwa.

Ana anabalalika, ena kutulukira pa mawindo. Ine ndinali kumbuyo kwa holo, ndipo khamu lothawalo linanditsekera njira. Amene anatsala ndi Mlongoti yekha. Anagwada, anakankhira magalasi kutali, anapinda mbali ya mkanjo n'kumutsamiritsa, kenako anamugoneka cham'mbali monga anawaphunzitsira a chithandizo choyamba. Milomo yake inkagwedera. Nditafika pafupi ndinamva ndi makutu anga kuti ankapemphera, kupempha Mulungu kuti mnzake asafe.

Koma wina anali atajambula ndi foni. Kanemayo alibe mawu. Mukamuona mungoona chinthu chachitali chakuda, cha nkhope yofiira, chitaweramira mwana amene akuphupha, chikunong'ona. Ndi kanema amene amayi anakutumizirani. Pofika madzulo aliyense anali naye.

M'mawa mwake pa geti ya sukulu panadzaza makolo. Ankati Mlongoti anamuyamwa magazi mnzake, ndipo ine ndi amene ndinamulowetsa m'zausatana kudzera m'mabuku. Mayi wina, amene timakhala benchi imodzi kutchalitchi, anandilavulira pa nsapato. Tikudutsa, mwala unamenya chikwama cha Mlongoti. Sanatembenuke. Anangondigwira chigongono n'kundiuza kuti tisathamange, tikathamanga ationa ngati olakwa.

Ahedi anatiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Anati iwo sakhulupirira zimenezo, koma sangalole sukulu iotchedwe chifukwa cha sewero. Anatiuza tonse awiri kuti tikhale kaye kunyumba mpaka msonkhano wa makolo uchitike.

Tinapita kuchipatala kukaona wodwalayo. Ndinkayembekeza kuti atithamangitsa. Mayi ake atationa anadzuka msanga n'kutikokera kukhonde, kuseri kwa thanki ya madzi. Kumeneko anagwada pa simenti, mayi wamkulu kuposa ine, n'kuyamba kulira.

Anatiuza kuti mwana wawo ali ndi khunyu kuyambira ali wamng'ono. Ankamwa mankhwala ndipo sankagwa. Koma atelala ndi mkulu wa mpingo kwa mneneri uja amene amayi athu anayamba kupitako chaka chatha. Mneneriyo anamupempherera mwanayo pamaso pa mpingo wonse n'kulengeza kuti wachira, ndipo atelala anataya mapiritsi m'chimbudzi. Mayiwo anati adokotala amuyambitsanso mankhwala, koma amuna awo alumbira kuti ngati mawu oti khunyu atuluka kunja, iwo ndi mwanayo asabwererenso pakhomo pawo.

"Aphunzitsi, ndikudziwa kuti mwana wanu ndi amene anapulumutsa wanga," anatero. "Koma musanene. Ndilibe kolowera."

Mumtima ndinali nditasangalala, ndisakunamizeni, chifukwa ndinali nditapeza liwu limodzi lokha lotiyeretsa tonse. Pobwerera ndinamuuza Mlongoti kuti pa msonkhano ndikanena zonse.

Tinayenda kanthawi. Kenako anandifunsa ngati ndikudziwa zomwe ana amachita ndi munthu wa khunyu. Anati palibe amene adzakhale naye desiki imodzi, palibe amene adzamwere kapu yake, ndipo bambo ake adzamutaya pa msewu. Ndinamuyankha kuti nanga iye, si zomwezo akumuchita panopa? Anati inde, koma zake ndi zabodza ndipo tsiku lina zidzatha, pamene za mnzakeyo ndi zoona ndipo adzakhala nazo mpaka kukalamba.

"Azakhali, nkhaniyo ndi yake," anatero. "Akafuna anena yekha."

Ndinamukalipira pa msewu pomwepo. Ndinati ndi mwana, sadziwa kuti dzina likada silichapika. Sanabweze. Anangonena kuti ndikakaulula, iye sadzandikwiyira, koma sadzathanso kumuyang'ana mnzake m'maso.

Msonkhano unachitikira mu holo yomweyo. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Mneneri anabwera ndi suti yoyera n'kukhala kutsogolo, atelala pambali pake. Analankhula nthawi yaitali. Anati munthu sangavale chovala cha mdierekezi n'kuvula osatsala naye, ndipo buku lililonse lotchula woipayo ndi khomo lake. Anthu ankavomera ndi mphamvu.

Atandipatsa mpata ndinaima. Liwu lija linali pa lilime, achimwene. Ndinkalimva kukoma kwake. Ndikanangolitchula, mneneri akanasowa poyang'ana. Maso anga anagwera pa akazi a atelala, atakhala pakona, atafunda mpango, akundiyang'ana ngati munthu woyembekeza chikwapu.

Ndinalimeza liwulo n'kunena zina. Ndinati mabuku amene ndimaphunzitsa amaonetsa woipa kuti ana amuzindikire akadzakumana naye atavala bwino. Ndinati ana onse atathawa, mmodzi yekha anatsala kugwira mutu wa mnzake, ndipo ngati imeneyo ndi ntchito ya Satana ndiye kuti ine kutchalitchi ndakhala ndikumva mozondoka. Anandikuwiza mpaka mawu anga sanamvekenso. Abusa athu analipo, koma anangoyang'ana pansi. Msonkhano unagamula kuti Mlongoti asabwerere kusukulu mpaka atamasulidwa, ndipo ine ndidikire kalata yochokera kwa akuluakulu.

Tsopano mverani zomwe amayi sanakuuzeni.

Loweruka m'mawa, alamu anu atapita kuntchito, pakhomo panaima galimoto. Munatuluka amayi ndi azimayi awiri a kwa mneneri, ndi bambo wina wamphamvu amene anatsala ataima pa galimotopo. Mmodzi wa azimayiwo anali ndi chingwe m'chikwama, nsonga yake ikuonekera. Kumalo komwe amatengera anthu ndikukudziwa. Ndi kashedi kuseri kwa tchalitchi chawo. Amawamangirira pa mzati, osadya, osamwa, mpaka avomere. Mnyamata wa akalipentala anatulukako dzanja litafa.

Ndinaima pakhomo n'kugwira mafelemu a chitseko mbali zonse. Amayi anandiuza kuti ndichoke. Ndinakana. Chibadwire sindinawakanizepo chinthu maso ndi maso, ndipo nawo anadabwa. Anayamba kulira. Anati anataya kale mpongozi, sakufuna kutaya mdzukulu kumoto wosatha, ndipo kumva kuwawa pang'ono pano n'kwabwino kusiyana ndi kupsa kwamuyaya. Musaganize kuti amayi amamuda mwanayu. Ali ndi mantha enieni, moti aonda.

Kenako ananena mokweza kuti mwini mwana wavomera kale, ine ndine ndani.

Mlongoti anali kuchipinda, ndipo anamva. Anatulukira kumbuyo kwanga n'kuwapatsa moni agogo ake mwaulemu. Amayi anabwerera m'mbuyo, kuopa kuti angawakhudze. Mwana amene anamulera kumsana kwawo. Ndinaona nkhope yake ikusintha, koma sanalire.

Ndinawauza kuti akafuna kumutenga ayambe andimanga ine, ndipo ndikuwa mpaka mzere wonse wa nyumba utuluke. Aneba anali atayamba kale kusuzumira pa mipanda. Bambo wa pa galimoto uja analiza injini, azimayi aja n'kuwakoka amayi. Pochoka amayi anati abweranso ndi mneneri weniweniyo.

Chotsatira sindinachiyembekezere. Mwana wa atelala atatuluka m'chipatala anamva zonse zomwe zinachitika. Anabwera kuno masanasana, mayi ake akumutsatira m'mbuyo, anthu akuwaona. Analowa, anakhala pa mpando umodzi ndi Mlongoti, anatenga kapu yomwe Mlongoti ankamwera madzi n'kumwa. Kenako anandipempha kuti ndimuperekeze kwa ahedi. Kumeneko anatulutsa botolo la mapiritsi n'kuliika pa tebulo, ndipo ananena yekha dzina la matenda ake. Mawa lake anakanenanso pamaso pa kalasi yonse.

Atelala anachita zomwe analumbira. Katundu wa mayi ndi mwana anamuponya panja, ndipo panopa akugona pabalaza pathu. Ahedi akuti Mlongoti abwerere kusukulu sabata yamawa, za ine akuziyendetsabe. Makolo ena ayamba kundipatsa moni, ngakhale chozemba. Koma mneneri walalikira kuti mzimu womwewo walowa mwa ana onse awiri ndipo ukuwalankhulitsa bodza. Amayi akhulupirira zimenezo. Anditumizira uthenga kuti Lamlungu likubwerali, akaweruka mapemphero, abwera ndi gulu.

Alamu anu akadziwitsa apolisi, ndipo abusa athu, mwina manyazi awagwira, alonjeza kuti adzakhala pano. Koma amayi sangamvere wapolisi kapena m'busa. Amamvera inu. Ndipo chimene chikuwalimbitsa mtima ndi mawu anu aja.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri. Muwaimbire amayi Lamlungu lisanafike, muwauze momveka bwino kuti mwabweza mawu anu ndipo mwana wanu asakhudzidwe. Musawakalipire, akuvutika kale. Ngati mukuonabe kuti atengedwe, mubwere nokha, mudzamuyang'ane kumaso, mudzamugwire dzanja ndi kumupereka. Ine sindimupereka.

Chachiwiri n'chachikulu kuposa choyamba. Mwanayu anapirira mwala, anapirira malovu, anapirira kuona agogo ake akumuthawa. Usiku ndi usana akupempherabe, ndipo amawatchula amayi ndi mneneri yemwe m'pemphero, zomwe ine zikundikanika. Koma dzulo tikuanika zovala anaima ndi malaya m'manja n'kundifunsa motsitsa.

"Azakhali, adadi anaonera kanema uja, eti? Ndiye atandiona ndikugwira mutu wa mnzanga, iwo anaona chiyani?"

Funso limenelo ndi lanu, achimwene, ndipo akulidikira.

Mulungu akusungeni pa ntchito yanu ndi kukupatsani mtima wofatsa powerenga izi. Mupereke moni kwa asuweni amene mukukhala nawo, ndi kwa anzanu onse a m'nyumbamo. Alamu anu ndi ana akupereka moni. Mlongoti sakudziwa kuti ndalemba.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
amene mumati Aphunzitsi