Dzanja la Wodulidwa

Lamulungu, 10 Marichi 1996

Amayi atisiya m'mawa uno, ng'ombe tisanakame. Ndinawapititsira khofi n'kupeza manja azizira kale. Khofiyo ndamwa ndekha chiimirire, kaya ndimaganiza chiyani.

A Gerhard, amuna anga, apita kukapempha ayezi ku fakitale ya tchizi. Kutentha kwa kuno ku Bolivia sikudikira munthu. Mayi wobadwira m'chisanu cha ku Canada, lero tikumugoneka pa ayezi wopempha.

Mlongo wanga Isbrand sanamve. Akamuuze ndani?

Lolemba, 11 Marichi

Azimayi a m'mudzi abwera ndi mkaka ndi batala. Takanda ufa wa mabanzi a pamaliro mpaka mapewa kuwawa, mtanda tagawa nyumba ndi nyumba kuti akaphike. Mariche, mkazi wa achimwene anga a Diedrich, pakamwa osapuma: "Bola asatulukire wa matayala uja, angatisasitsire mtanda." Ine: "Mlamu, chosasitsa mtanda chili m'kamwa mwanumo." 

Wa matayala ujatu ndi mlongo wanga Isbrand, chitsiriza cha amayi. Mlandu wake wonse ndi matayala a labala pa thirakitala! Ife a mpingo wa Menonaiti kuno timalimira achitsulo, ati a labala amathamangira nawe kutauni. Anakana kuwachotsa, mpingo unamudula. Wodulidwa sudya naye, sumupatsa moni wa dzanja, sulandira kanthu kuchokera m'dzanja lake. Ukatero, nawenso ulendo ndi womwewo.

Ndatuma a Eusebio, oyendetsa lole ya mkaka, kuti akamuuze. Chisipanishi changa chothyokathyoka, koma amva. A Gerhard anandiona. "Aganetha, ukuputa mavu." Andilume.

Lachiwiri, 12 Marichi

Tasoka chovala choyera cha amayi. Diso langa lakanika kulowetsa ulusi, wandilowetsera Justina, mwana wanga wamkulu. M'thumba la epuloni ya agogo ake wapezamo maswiti aja ankagawira zidzukulu, walira mpaka kukhala pansi. Ana a Isbrand sanalaweko n'limodzi lomwe.

Abusa a Peters abwera kudzafunsa mbiri yokawerenga mawa. Ndawauza. Anachoka ku Canada ali kamtsikana, pa sitima, makolo akuthawa sukulu za boma. Ku Mexico fumbi ndi chilala, kukwatiwa, kubereka, kuika ana atatu m'manda. Imvi zitayamba, ulendo winanso wa kuno, thengo lokhalokha, njoka m'khitchini, atate athu n'kumwalira chaka chachiwiri. Ankati: "Dziko lililonse limene ndinakhalamo ndinasiyamo manda. Musandisamutsenso, ndatopa." Abusa alemba zaka ndi mayina a malo. Mawu amenewo sanalembe.

Sindinawauze za matebulo. Isbrand atangodulidwa, amayi ankayandikiza matebulo awiri, pakati mpata wongolowa chala, n'kuyala nsalu imodzi. "Awiritu awa, wofuna abwere ayeze." Abusa omwewa atawaopseza, Isbrand anasiya yekha kubwera kuti asawadulitse. Kuyambira pamenepo amayi sanasekenso ngati kale. Ndikuwasowa kale, mtima ukundiwawa, ndiponso ndakwiya.

Ndafunsa abusa ngati Isbrand angabwere mawa. Ati: "Manda alibe chitseko. Aime kumbuyo. Ku chakudya ayi."

Lachitatu, 13 Marichi

Wabwera.

Galimoto anaisiya kumsewu waukulu, wayenda wapansi kuti asatikhumudwitse. Wachita imvi, abale, mwana amene ndinkamubereka kumbuyo! Nyimbo zathu zazitali zija wazimvera panja, pawindo, chipewa chili m'manja. Bokosi lisanatsekedwe anthu anapatuka ngati kwabwera galu wachiwewe, iye n'kuyang'ana nkhope ya amayi. Sanawakhudze.

Kumanda amuna ankalandirana mafosholo monga mwa nthawi zonse, ukatopa upatsire mnzako. Imodzi inali pansi. Isbrand anaitola, palibe anamuletsa. Wakwirira mayi ake thukuta ndi misozi pamodzi, akulira mokweza. Atatopa anaiwala, mwana wa amayi. M'malo moiika pansi anaitambasulira a Diedrich.

A Diedrich manja kumbuyo. Isbrand anatembenukira kwa a Gerhard. A Gerhard maso pa nsapato. Dzanja la Isbrand lili m'malere, mudzi wonse ukuonerera. Ndinamva Mariche akutsokomola.

Ndinailandira ine. Mkazi sagwira fosholo pamanda, ndikudziwa. Ndinagwira ndi zala zake zomwe, zinali zotentha. Ndinaponya dothi mpaka mpango kugwa. Iye, monditchula dzina langa lachidule, anangoti, "Neta, wachitiranji?" Ndinati, "Pita bwino, iwe."

Wapita ndi njala. Mabanzi atsala madengu. Pobwerera m'ngolo a Gerhard alankhula ndi kavalo yekha.

Lachinayi, 14 Marichi

Lero ndi tsiku limene abusa amakhala pa milandu. Anditumizira mawu ndisanatsuke n'makapu omwe.

Abusa onse a mpingo anakhala pa benchi, majasi akuda, ine chiimirire. Abusa a Peters anafatsa nane, sindinama. "Mlongo, chisoni chimazunguza mutu. Ingonenani kuti munalakwa, nkhani ithere pano." A Gerhard pakhomo akundigwedezera mutu kuti vomera, mkazi, vomera.

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Koma ndinaona dzanja lija lili m'malere. Ndinati, "Abusa, fosholo ndinalandira. Zoti ndikudandaula, ndinganame pamaso pa Mulungu, amayi atangogona dzulo?" Wina kumapeto kwa benchi anati, "Mwana wa mayi ake ameneyu." Kaya kunali kunyoza.

Andipatsa mpaka Lamulungu. Ndikapanda kugwada pamaso pa mpingo, andidula.

Lachisanu, 15 Marichi

Ndachapa zofunda za amayi. Fungo lawo silikuchoka, ndipo sindikufuna lichoke.

Loweruka, 16 Marichi

A Gerhard anditsatira kukhola. "Neta, ndiziti chiyani kwa ana? Liwu limodzi lokha, ndalakwa, basi. Kodi Isbrand akukudyetsa?" Maso ali ofiira. Si munthu woipa, ndi wamantha chabe. Nanenso mantha ndili nawo. 

Masana ndinaphika msuzi wa kabichi, uja amayi ankaukonda wowawasa. Tapemphera chamumtima, ndagawa. Ndatambasula mbale kwa Justina. Sanandidule n'komwe, Lamulungu ndi mawa.

Mwana wanga wayamba wayang'ana bambo ake, ine mbale ikunditentha zala.