Dzina Limene Linakhoza Mayeso

Lachiwiri, 12 Malichi 2024

Elias wakwanitsa masiku asanu ndi atatu. Amayamwa, amalira, amatiyang'ana ngati tinamulakwira kalekale. Dzina lachiwiri alibe. Boma la kuno ku Britain limapereka masiku 21 oti mwana akalembetsedwe, ndipo ife atipatsa Lolemba pa 25, nthawi ya 10:40. Tsiku lomaliza lenilenilo, monga mwa mwambo wa kwathu.

Ndamuuza mkazi wanga Misozi kuti dzina la Thackersby lithera pa ine. Mwana akhala Gwaza, dzina la agogo. Zaka 36 ndasenza dzina la mzungu amene sindimudziwa. Ku pulayimale ku Ntcheu ndinali Takasibi. Kuno ndikalowa mu intavyu amasuzumira kumbuyo kwanga, kudikira kuti mwini dzina alowe. Ndinalembapo nkhani yonse pa intaneti yoseka Amalawi a mayina a atsamunda, inenso ndili momwemo. Anaiwerenga anthu 400. Munthu wotere sangabwerere m'mbuyo.

M. anati, uku akusintha thewera: "Ine ndasintha pasipoti chaka chathachi kuti ndikhale Thackersby. Mukundiuza lero? Chitani zomwe mukufuna, bambo a Elias. Koma bambo anu muwauze nokha."

Ndiwauza Lamlungu. Madala amakhala ofatsa akachoka ku tchalitchi.

Lachitatu, 13 Malichi

Abusa abwera kudzaona mwana. Akwera masitepe onse a nsanjika yachitatu, kenako apemphera ali wefuwefu. Abweretsanso kalata yanga imene inafikira ku tchalitchi. Yeniyeni, ya sitampa, yolemba pamanja.

Yachokera ku Lincolnshire, ku England, kwa mayi wina wa zaka 79: Catherine Thackersby. Anali mphunzitsi wa jogalafe. Anaona za kubadwa kwa Elias pa tsamba la mpingo. Akuti kwa zaka 30 akhala akuwerenga anthu onse a dzinali pa dziko lapansi. Ena amaweta nkhuku.

Manambala awo ndi awa. M'kalembera wa 1881 anapezeka 63, pafupifupi onse m'midzi itatu yoyandikana. Mu 1921 anatsala 41, nkhondo itatengapo anyamata. Mu 1970, 17. Lero ku Britain kuno atsala atatu: iwowo, mchimwene wawo amene ali ku nyumba ya okalamba ndipo dzinalo analiiwala, ndi msuweni wa ku Hull amene sayankha makalata. Ku Australia kuli mmodzi, wamasiye.

Ku Malawi: 214. Anawatola pa Facebook ndi m'mindandanda ya okhoza mayeso ya m'nyuzipepala. Atumizanso mapu. England yonse timadontho titatu tofiira. Ntcheu ngati mwana wa chikuku.

Sindinadziwe kuti tilipo ochuluka chonchi. Ndinkadziwa ma Thackersby ena kwathu, koma madala ankangoti "si abale athu amenewo," nkhani n'kutha.

Lachinayi, 14 Malichi

Mvula. Elias wandisanzira pa malaya omaliza oyera.

Lachisanu, 15 Malichi

Ndawaimbira Mayi C. Cholinga chinali kuwathokoza ndi kuwatsanzika. Foni yatenga mphindi 50.

Ali ndi yankho lawo. Mchimwene wa agogo awo, Edwin Thackersby, mmisiri womanga, anapita ku Nyasaland mu 1923 kukathandiza amishoni. Anabwerako mu 1925, sanakwatire, ndipo za ku Afirika sankazikamba. Iwo akuti n'zoonekeratu: anasiyako banja. Analankhula motsitsa mawu, ngati Edwin ali m'chipinda china.

Mwamuna mmodzi, zaka ziwiri, anthu 214. Ngakhale ife Angoni sitinafikepo pamenepo.

Kenako anati Elias ndi mwana wamwamuna woyamba wa dzinali kubadwira ku Britain kuyambira 1951. Akubwera Lachitatu pa sitima, maola asanu ndi limodzi, kusintha kawiri, kudzamuona ndi maso. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za Gwaza. Chimene chinatuluka ndi "mudzatsikire pa siteshoni ya Queen Street kapena ya Central?"

M. anamva zonse. Anandigwira mkono, n'kuutembenuza pa windo. "Magazi a mzunguwo anabisala bwino, eti achimwene."

Lamlungu, 17 Malichi

Ndawaimbira madala pa vidiyo. Ndilemba zonse ndisanaiwale.

Tinayamba ndi mvula, chimanga, bondo lawo. Kenako ndinawauza za mayi wa ku England ndi Edwin wake. Anaseka mpaka kutsokomola, mayi akukuwa chapatali kuti "mufa inu."

"Edwin ameneyo ndi E. Thackersby? Sanasiye mwana aliyense. Anasiya belu."

Nkhani yake ndi iyi. Madala anabadwa Kalekeni Gwaza. Analemba mayeso a Sitandade 8 mu 1971, sanasankhidwe ku sekondale. Anabwereza mu 1972, chimodzimodzi. Masiku amenewo wobwereza sankamuganizira, ndiye aliyense ankadziwa chochita: umabwerera ndi dzina latsopano, ngati mwana amene sanalembepo. Ahedi awo, a Goodwill Mbemba, mayina a m'mudzi anali atawathera. Tsiku lina anaima pansi pa mtengo pomwe pankapachikidwa belu la sukulu, n'kuwerenga zolembedwa pa belupo. Kubwera m'kalasi: "Kalekeni, kuyambira lero ndiwe Hamilton Thackersby."

Chaka chimenecho madala anasankhidwa. Woyamba m'mbiri ya sukuluyo.

Basi, mudzi wonse unadziwa kuti dzinalo lili ndi mwayi. Kwa zaka 14, mnyamata aliyense wobwereza makolo ankabwera naye kwa ahedi: "Mum'patse la pa belu lija." A Mbemba sankakana munthu. Ankangosintha dzina loyamba, ndipo chaka chimodzi sankapyola atatu, kuopa kuti a ku likulu angafunse kuti mzunguyu ali ndi akazi angati. Ena anakhoza, ambiri ayi, koma dzina linawakakamira. Anakwatira, anabereka. Ndi 214 ameneyo.

Ndinafunsa chifukwa chake sanatiuzepo. Anati: "Mphunzitsi wamkulu auze ana ake kuti analephera kawiri? Mukanandimvera?"

Pamenepo ndiye ndinati, chabwino bambo, ndiye mpake kuti mwanayu abwerere kwa Gwaza.

Anati: "Kalekeni Gwaza ndinam'bwereketsa msuweni wanga mu 1975, analemberanso mayeso. Sanabweze. Alipo ku Kasungu, anapuma upolisi. Ukafuna chilolezo kam'funse iyeyo."

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Anati batire latha. Foni yawo inali pa chaja, chingwe ndinkachiona.

Lolemba, 18 Malichi

Ndabwerera ku ntchito, ku nyumba ya okalamba ku Easterhouse. Basi inachedwa. Tsiku lonse ndakhala ndikuyang'ana baji yanga. Nkhani yanga ija ya pa intaneti ndinalemba kuti dzinali ndi "goli limene bwana wa pa esiteti anaveka agogo anga." Ndime yabwino kwambiri. Bwanayo sanakhaleko. Ndinam'panga ndekha, ndi chipewa chomwe.

Tinalibe wotipondereza pa nkhani imeneyi. Tinaba tokha, masana, pa belu.

M. akuti ndikawauze Mayi C. asanakwere sitima. Ndinati nkhani zotere sizikambidwa pa foni. Anati: "Madigiri awiri, koma mantha ngati mbuzi ya pa Khirisimasi."

Lachitatu, 20 Malichi

Mayi C. afika 1 koloko. Wamfupi, jasi yobiriwira, chikwama chachikulu kuposa iwo. Masitepe athu akwera osapuma, kuposa abusa. M. anawagwadira pang'ono powapatsa moni, iwonso anayesa kubwezera, bondo linalira.

Anamunyamula Elias nthawi yaitali. Anati mphumi ndi ya bambo awo. Mphumi imeneyo ndi ya amalume a Misozi a ku Balaka, koma tinangoti zikomo.

Kenako anayala mapu pa tebulo, anatulutsa chithunzi cha Edwin. Ndevu, maso a munthu amene wadya chinthu chowawasa. Anatulutsanso kasupuni ka siliva kolembedwa T, kamene akuti kamapita kwa mwana wamwamuna woyamba. Kakhala m'dirowa kuyambira 1951.

M. anandiponda phazi. Ndinanena. Zonse: mayeso, ahedi, belu, atatu pa chaka. Ndinayesa kuikamo nthabwala ziwiri. Zinagwa pansi zonse.

Anamvetsera manja ali pa mapu. Nditamaliza anafunsa kumene kuli bafa. Anakhalako mphindi khumi. Tinkamva mpopi ukutuluka madzi. Elias anagona, kwa nthawi yoyamba pa moyo wake osauzidwa.

Atatuluka funso loyamba linali lakuti: "Anakhoza angati?" Mphunzitsi ndi mphunzitsi. Ndinati sindikudziwa, koma bambo anakhoza, ndipo anaphunzitsa zaka 34. Analemba m'kabuku. Kenako anati kafukufuku wawo amawerenga dzina, osati magazi, ndiye 214 aja sachotsapo aliyense. "Ndinangochita dyera," anatero. "Ndinafuna abale."

Funso lachiwiri: kodi belulo likadalira? Sindikudziwanso.

Ndiye poti ndinali nditayamba kale kuwononga tsiku, ndinamaliza: mwanayu sakhala Thackersby, akhala Gwaza. Sanatsutse. Anandipempha kuti ndiwatchulire zilembo. G, W, A. Analemba mosamala, anandionetsa ngati zili bwino. Ndikanakonda akanandikalipira.

Kasupuni anakasiya. Akuti kasupuni ndi kodyera, ndipo m'dirowa mulibe amene amadya.

Ndinawaperekeza pa Duke Street mpaka pa siteshoni. Njira yonse tinakamba za mitengo ya matikiti.

Lachinayi, 21 Malichi

Ndawatumizira madala uthenga: kodi belu lija lilipo? Timizere tiwiri ta buluu. Yankho palibe.

Loweruka, 23 Malichi

Mauthenga awiri a mawu kuchokera kwa madala.

Woyamba, masekondi 20. Mphepo, mbuzi, wina akuti "menyani ndithu, agogo." Kenako belu. Liwu lake ngati poto wong'aluka, koma likulira. Anakwera kabaza makilomita 11, ndi bondo lija, kukajambulira mzungu amene sanamuonepo.

Wachiwiri ndi wanga. Ndaumvera kanayi. Ndiulemba mmene uliri:

"Fryson. Dzina limenelo ndinaliphunzira kulemba pa mchenga masiku atatu, ahedi ataima ndi ndodo, chifukwa ukaphonya chilembo chimodzi pa pepala zako zada. M'chipinda cha mayeso muja mzungu munalibe. Munali ine, wopanda nsapato. Gwaza ndi dzina labwino, la bambo anga, ndipo ana a achimwene anga alitenga, lili ndi anthu. Ili ndi limene ndinalipeza ndekha. Munda ndinalibe woti ndikusiyire. Koma mwana ndi wako. Usandiimbire za nkhani imeneyi, ndatha."

Kenako akumveka akufunsa wina kuti "ndizimitsa pati?"

Belu ndawatumizira Mayi C. Ayankha kuti akam'yikira mchimwene wawo mawa kuti amve.

Lamlungu, 24 Malichi

Ku tchalitchi aliyense ali ndi maganizo. Mkulu wa mpingo wina akuti Gwaza, tisunge chikhalidwe. Ana ake atatu onse amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chimene iye mwini samva. Amayi a chigwirizano akuti Thackersby, mwana adzapeza ntchito msanga. Ndawauza kuti ine ndili nalo dzinalo ndipo ndimasambitsa nkhalamba.

M. ndam'funsa kuti iye akuti bwanji. Akuti: "Ine ndinabereka. Zilembo ndi zanu."

Fomu ndadzaza yonse kupatula bokosi limodzi.

Lolemba, 25 Malichi

Tinafika 10:25, Elias atamangidwa m'mabulangete ngati katundu wopita kumudzi. Wolembetsa anali mayi wa magalasi a unyolo, wansangala, wa mtundu uja wotchula aliyense kuti "pal", ndiye kuti mnzanga. Tsiku lobadwa, nthawi, chipatala, tsiku la ukwati wathu (M. anayankha msanga ndisanalakwitse). Ntchito ya bambo. Dzina loyamba la mwana.

Kenako: dzina lachiwiri?

M. ankayang'ana kudenga. Pa khoma panali wotchi, pansi pake chithunzi cha mlatho. Ndinali nditakonza kachiganizo kabwino m'basi, ka mbali zonse ziwiri, koti kakhoza kugwira kulikonse kumene ndingagwere. Kanathawa.

Ndinayamba kutchula zilembo, pang'onopang'ono, monga ndachitira moyo wanga wonse. T. H. A. C. K. Mayi uja ankalemba ndi chala chimodzi. Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Zilembo khumi, palibe chophonya. Ndinasaina.

Akudikira kuti pepala lituluke anati wagwira ntchitoyi zaka 22 koma dzina limeneli sanalionepo. "Ndi lochokera kuti?"

Ndinati: "Ku Ntcheu."

Anagwedeza mutu ngati akudziwako, n'kudinda chidindo.