Mzere wokhota wa Atelala

Lolemba, 6 Okutobala

Anthu a pamaliro onse apita. Mipando yobwereka yabwezedwa. M'nyumba muli zii. M'mawa ndathira tiyi m'makapu awiri, dzanja kuzolowera. Winayo wazizira pa tebulo.

Kuseri kuli monga anakusiyira Atelala, amuna anga. Mulu wa njerwa. Mchenga wofunditsidwa pulasitiki. Zikhomo ndi chingwe, kuzungulira pamene ankati amange kabwalo kokhalapo masana. "Kakatha mudzandilipira ndi tiyi, Namabuku," ankatero. Sanafike pokumba.

Lachinayi, 9 Okutobala

Mwana wanga pa foni: "Amayi, njerwazo gulitsani, bwerani kuno. Chipinda chilipo, muzikhala ndi adzukulu anu." Ndati ndiganize kaye.

Alamu anga anadutsa masana. "Mlamu, manja otsegula mabukuwo ndi fosholo? Ndikupezereni mmisiri." Ndinaseka kuti asakhumudwe.

Ndabwereka buku la zomangamanga ku laibulale. Kumba, tsindira dothi, yala mchenga, sanja njerwa. Pansi patsetserekere kutali ndi khoma, madzi asalowe m'nyumba. Moyo wanga wonse ndawerenga za anthu ofedwa. Onsewo pa shelefu, palibe wondilankhula. Lero landilankhula ndi buku la mchenga.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndayeza ndi tepi yawo yosokera. Mbali zitatu zowongoka bwinobwino. Mbali yakutali ndi khoma yokhota. Mzere ukuyamba pafupi, kenako n'kumapita cham'mbali ngati nkhanu.

Atelala kukhotetsa mzere? Munthu amene ankamasula msoko wonse wa buluku chifukwa cha kakupotoka kosaoneka ndi maso a munthu wina?

Ndakhala pa wilibala nthawi yaitali. Kodi dzanja linali litayamba kale kunjenjemera? Kapena maso? Tsiku ankakhoma zikhomozi ine ndinali pomwepo pa mpando, mphuno m'buku. Adokotala anati mtima unangoima, palibe akanadziwa. Chabwino. Nanga chingwechi?

Lamlungu, 12 Okutobala

Katani la kukhitchini, loyang'ana kuseri, sindinatsegule.

Lolemba, 20 Okutobala

Ndazula zikhomo zawo za mbali yokhotayo. Ndakhoma zanga, mowongoka monga likunenera buku. Anthu asadzanene kuti Atelala anamwalira mzere utawalaka. Zawozo ndi mipini ya matsache akale, yodulidwa mofanana, yosongoledwa mosamala. Ndaziika pa makina osokera, pansi pa nsalu.

Kukumba. Matuza manja onse, limodzi laphulika. Msana ukulira.

Mwini sitolo ya zomangira, ndikugula levulo yoonera ngati njerwa zakhala mofanana: "Amayi, kodi abambo kunyumba akudziwa kuti mwawalanda ntchito?" Ndinati akudziwa. Ndinakalirira kuseri kwa mapaipi.

Loweruka, 25 Okutobala

Sabata yonse yogwada. Njerwa, nyundo, levulo, njerwa. Kadontho ka mu levulo kali ndi mwano, sikakhala pakati. Mizere yoyamba ndaiphwasula n'kuyambiranso. Ndimalankhula ndi njerwa tsopano. Siziyankha, koma ngakhale Atelala akamasoka sankayankha.

Kwatsala ngodya imodzi ndi kusesera mchenga m'mipata. Sikokongola. Koma nkowongoka.

Ndinkaganiza kuti ndikawongola mtima ukhala pansi. Ayi. Mwana waimbanso, akubwera Loweruka likudzali ndi galimoto. Ndavomera kulongedza. Kabwaloka akhalepo amene adzachite lendi nyumbayi.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Ndilembe bwino, ndisaiwale kanthu.

Nditadya masana ndinatulutsa mpando ndi buku, koyamba chichitikire maliro. Nthawi yanga yowerenga ya masiku onse. Ndinakhala pa ngodya imene ndinawonjezera powongola. Dzuwa phwee pa tsamba, maso kuwawa. Ndinakoka mpando kuthawira mu mthunzi wa nyumba. Ndinakokanso. Osadziwa ndatsika pa njerwa, ndili pa dothi losakumba. Pokhala pansi, mwendo wa mpando ndi kutitimira, pang'ono ndigwe chagada.

Kadzenje. Kozungulira, kukula ngati mpini wa tsache.

Ndinagwada. Kena patsogolo pake. Kenanso. Timaenje ta zikhomo zawo zija. Ndipo m'mphepete mwa mthunzi wa denga munkadutsa pa timaenjeto, kamodzikamodzi, cham'mbali ngati nkhanu. Mthunzi wasuntha pang'ono chabe kuchokera tsiku lija, mwina chikhatho chimodzi.

Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira. Ankazungulira mpando wanga ndi nyundo, ine n'kudandaula, "Atelala, mukundisokosa, ndili pakati pa nkhani." Iwo, chingwe kukamwa: "Werengani, Namabuku. Ndikukuyezani."

Dzanja silinanjenjemere. Ankatsata mthunzi wa nthawi imene ndimawerenga. Buku lija silidziwa kuti ndimakhala pati.

Ndakhala pa dothipo mpaka mthunzi unafika ku mpanda. Ndalira mosiyana ndi masiku onsewa.

Lachitatu, 29 Okutobala

Mitambo kuyambira m'mawa. Mvula ikagwa timaenje tikwiririka. Atelala, ndabwezera zikhomo zanu m'timene tatsala, chilichonse chalowa chokha, osafuna nyundo. Inu mumakhoma mozama.

Ku ngodya ija ndinakumba ndekha, timaenje tanu kulibe. Ndachotsako njerwa zanga zonse. Kumeneko mundionetsa ndinu, mthunzi ukabwera pa nthawi yake. Zikhomo ziwiri zili m'thumba la epuloni yanu, ndavala ndine, musakwiye.

Njerwa za m'mphepete zifunika kudula mopendekera. Sindidziwa kadulidwe kake. Alamu anga aja aseka mpaka kutsokomola, ndiwapempha tchizulo chodulira basi.

Mwana wathu ndamuuza abwere ndi zovala zogwirira ntchito, sutikesi yanga ndamasula. Anandifunsa: "Amayi, muli bwinobwino?" Ndati ayi, koma ndili ndi poti ndikhale masana.

Tiyi wanu ndikuthirirani kakatha, monga tinapanganira.

Nthawi yayandikira, kumwamba kukadali bii. Ndili pa mpando panja, buku lotseka pamiyendo, ndikuyang'ana pansi ngati munthu wotaya singano. Dikirani. Kwang'ambika chakumadzulo, dzuwa likutuluka. Nyundo ndaisiya pati