Apongozi Akufuna Kuphika Nsomba Yanga Yam'galasi

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Mkazi wanga Rusmini wabereka mwana wathu woyamba kudzera pa opaleshoni, ndipo tikukhala kwa mayi ake mpaka bala lipole. Mukudziwa kuti kwathu kuno ku Banjarmasin wochitidwa opaleshoni amamwetsedwa msuzi wa haruan, nsomba ija ya mutu ngati wa njoka, kuti bala litseke msanga.

Vuto ndi lakuti ine ndimaweta yangayanga m'thanki yagalasi. Ndinaigula ili ngati chala, pano yafanana ndi mkono wanga. Ndinabwera nayo kuno poti kunyumba kunalibe woidyetsa. Mwezi watha inatuluka zilonda, ndiye ndakhala ndikuthira mankhwala obiriwira m'madzi mwake. Wogulitsa mankhwalawo anandichenjeza kuti nsomba yotere sidyedwa.

Tsono apongozi, Mayi Masniah, aiika diso. Dzana anaima pagalasipo n'kunena kuti, "Chinsomba chonona chonchi chizingotitong'olera maso, mwana wanga akulephera n'kudzuka komwe? Kapena munakwatira chimenechi?" Nditatchula za mankhwala anandidula: "Aaa, bambo a mwana, ndimu ndi moto zimachotsa zonsezo." Ine ndinangoseka ngati chitsiru. Lero ndapeza chivundikiro cha thankiyo chili pambali, kaukonde kanga kogwirira nsomba kali konyowa.

Ndikakhala kuntchito foni ikalira ndimathamangira kuiyankha. Rusmini akuyamwitsa, ndipo sakana chilichonse chochokera m'manja mwa mayi ake. Ndikuopa kuti adwala iye ndi khanda lomwe, koma kuwatsutsa apongozi m'nyumba mwawo sindingathe. Kodi ndikangoitaya mumtsinje?

H.R., Banjarmasin

Bambo H.R.,

Mantha anuwo ndi oona, koma kusekako ndiye kwakulakwitsani. Apongozi anamva ngati mukungoumira chiweto chanu, osati mukuteteza mwana wawo.

Yambani ndi Rusmini lero lomwe. Muuzeni kuti asalawe msuzi wa nsomba imene sanaione ikuchokera kumsika. Kenako lawirirani kumsikako, mugule haruan zamoyo, muzipereke kwa mayiwo ndi manja awiri. Iwo sakudana ndi nsomba yanu ayi, akufuna mwana wawo achire, ndipo sanaone inu mukuchitapo kanthu. Akalandira, nenani mwaulemu koma mosapsatira kuti, "Mayi, yam'galasiyo ili ndi mankhwala oopsa, ndimu sangawachotse." Ngati mawu anu akuwapepukira, pemphani mzamba kapena dokotala amene akuona balalo kuti awauze yekha.

Nsombayo isamutseni, ikakhale kwa mnzanu woweta mpaka mudzabwerere kwanu. Zamumtsinje iwalani. Wina akaiwedza, idzathera mumphika wa mayi wina amene ali ndi bala ngati lomweli.

Musadikire tsiku lopuma. Mukangozengereza, mudzabwera kuntchito n'kupeza thanki ili mbee, mkazi wanu akupukuta pakamwa, mwana ali kubere.

Aphungu