Tsiku Limene Ababa Anazinga Njati

Kwa Malemia,
Domasi,
Zomba.

19 Febuluwale, 2024

Okondedwa achimwene Abdulkarim,

Asalaam aleikum. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo kumeneko ku Rumphi, inu, alamu anga ndi ana. Koma achimwene, foni yanuyo munaigulira chiyani? Ndaimba mpaka chala kuwawa, mayi wa mufoni uja kumangondiyankha kuti nambala sikupezeka. Ndiye ndapempha a Yunusu oyendetsa lole aja, amene akunyamuka mawa kupita kumpotoko, ndipo andilonjeza kuti pepalali akupatsani m'manja, osati kusiyira munthu pageti ya esiteti.

Sindizungulira. Ababa ali m'chipatala chachikulu kutauni, sabata yachiwiri tsopano. Inawabaya njati. Inde, mwawerenga bwino, njati, ku Domasi kwathu konkuno. Ndikulemba kuti mubwere. Ndikudziwa kuti ino ndi nthawi yothyola fodya, ndipo tenanti akachoka pamunda mwezi uno thukuta la chaka chonse limapita pachabe. Werengani kaye mpaka kumapeto, muganize nokha.

Kumene inachokera njatiyo sitikudziwa, ena akuti ku Liwonde, ena akuti kutali kuposa apo. Inali yaimuna, yokalamba, yoyenda yokha. Inakhazikika kumtunda kwa chigwa, kuseri kwa minda ija yotsamira phiri la Malosa, n'kumatsika kudzadya chimanga. Chimanga chake chiti, achimwene? Chaka chino mvula inadula pakati, ndipo timapesi tomwe tinapirira dzuwa nditomwe iyo inkamaliza. Munda wa a Lyness, amasiye aja a kuseri kwa sukulu, inausiya ngati bwalo la mpira. Azimayi tinaleka kupita kunkhuni. Anthu atakadandaula kuboma, Lachinayi lina m'mawa kunabwera asilikali a zanyama ndi mfuti zawo.

Ababa mukuwadziwa. Chilandireni boma mfuti yawo ya gogodela ija ife tili ana, nkhani za uzimba ankangozikamba pakhonde akuyang'ana kuphiri. Tsiku limenelo msana unawongoka. Asilikaliwo phiri sankalidziwa, ndipo aliyense anati mlenje wotsala m'dera lino ndi Che Alaudin basi. Amayi anaima pakhomo manja m'chiuno.

"Bambo a Abdul, mawondo omwe mumalira nawo popita kumzikiti aja, lero achira?"

Iwo kuseka. "Ndikungokawalozera mapazi ake. Ndibwera tiyi asanazizire."

Koma ine ndinawaona akunola pamwala mpeni wawo wozingira mbuzi uja, n'kuulowetsa m'thumba la jekete.

Kuwomberako ine sindinaone. Ndikukuuzani monga anandifotokozera a Jonasi, aneba athu olondera pakoleji aja, amene anapita nawo. Akuti anaipeza m'khwawa la nsungwi, kumtunda kwenikweni. Mfuti zitalira inagwa chammbali, koma inali ikupumabe, miyendo ikupalasa dothi. Mkulu wa asilikali analamula kuti pasapezeke woyandikira mpaka itatsirizika. Ababa ndi pomwe anayamba.

"Bwana, ikafa yokha imeneyi ndi chibudu, Msilamu sangadye. Theka la midzi ino ndife Asilamu, ndipo ana athu akugonera nthochi zosapsa. Anzathu azidya ife tikuonerera?"

Anawaletsa, wallahi anawaletsa, a Jonasi akuti mpaka anawagwira jekete. Koma nkhalamba ikatsimikiza mumaidziwa. Anapulumuka m'manja mwawo, anazungulira chakumsana kwa njatiyo monga amachitira alenje, anatchula Bismillah, mpeni pakhosi. Njati ija inaponya mutu kamodzi kokha. Ababa anakagwera uko, anadzuka, anabwerera kudzamaliza kuzinga mpaka magazi anatuluka onse. Kenako anakakhala patsinde pa mtengo, anatseka mabatani a jekete, n'kunena akuseka kuti yangowakankha.

Mfuu utafika kumudzi, eee, kunalibe wotsala. Mabeseni, matumba, zikwanje, nkhwangwa, ena ndi mapoto omwe. Inenso ndinatola beseni lalikulu la amayi lija ndi nsanza yopindira nkhata. Nditafika m'khwawamo ndinagwira pakamwa. Chinyama, achimwene! Ng'ombe zomwe mumaziona ku Songani zija ndi ana. Ababa ndinawapeza ali magazi kuyambira pachifuwa mpaka m'mawondo, koma aliyense amene anayandikira nyamayo anali choncho. Magazi a njati ndi a munthu amasiyana pati? Palibe amene anafunsa.

Asilikali anatenga mutu ndi nyanga zake, n'kunena kuti nyama tigawane. Apo ndiye panavuta. Anyamata ena amphamvu zawo, ena ochokera ku Naisi komwe, analumphira pamwamba pake ndi mipeni, kudula paliponse, kukankha azimayi. Wina anatemedwa chala. Njala imachotsa ulemu, abale. Ababa, ali chikhalire patsinde paja, anakuwa ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire.

"Aliyense abweze mpeni wake! Ndazinga ndine, ndigawa ndine!"

Anyamata aja anabweza mipeni yawo. Ndiye Ababa anayamba kulamula ali pomwepo: sendani chikopa kuyambira apa, tumbulani mosamala ndulu isaphulike, nthiti temani ndi nkhwangwa osati chikwanje. Ntchafu iyi ya mudzi wakuti, mwendo uwo wa tsidya la mtsinje. Amasiye ndi okalamba ayambe kulandira. Chiwindi ndi chidale anaitanira a Lyness, akuti njatiyo inanenepera chimanga chawo. Mkhristu, Msilamu, onse ankatambasula beseni mofanana, ndipo panalibenso wokweza mawu.

Kupha njati ndi ntchito yochepa, achimwene, ntchito ndi kuitsitsa phiri. M'khwawa muja njinga singafike, anyamata a kabaza ankadikira kumunsi kwenikweni kumene kumathera msewu. Amuna anadula mitengo yaiwisi, kumangirira ntchafu ndi luzi, n'kusenza anayi anayi pamapewa. Pokwera kuchoka m'khwawamo ankachita kukwawa, wakutsogolo akukoka, wakumbuyo akukankha ndi mutu. Ena anaterereka, nyama gwa m'dothi, kuidzutsa, kuipukuta ndi masamba, kumanganso. Mtengo wina unathyoka pakati, a Jonasi n'kusupuka phewa lonse. Ife azimayi mabeseni pamutu, magazi akuchucha kudutsa m'nkhata, kutsika m'khosi mpaka m'bulauzi, ntchentche zobiriwira zija zikutiperekeza ngati zatikwatira. Pamtsinje wa Domasi miyala inali yoterera, tinkawoloka chogwirana manja, khosi likunjenjemera. Ukatula kumsewu, miyendo ikuti gona, umatembenuka n'kuyambanso chitunda chomwecho.

Ulendo uliwonse ndinkawapeza Ababa pomwe paja, atatsamira mtengo, akuloza ndi kamtengo. Madzi omwe ndinkabwera nawo m'chigubu ankamwa ngati ng'ombe. Dzuwa lili pamutu ndinawayang'anitsitsa, milomo itatuwa, thukuta lili ngati mikanda pamphumi.

"Ababa, mwatuwa bwanji chonchi? Tiyeni kunyumba, otsalawa amaliza okha."

"Ndi njala, mwana iwe, ukuyesa ndadya chiyani? Senza. Nyama sidikira munthu, dzuwa ili ikafika madzulo inunkha."

Anandithandiza ndi mawu okha kutukula beseni, dzanja lawo lamanzere silinachoke pamimba. Ine ndinasenza n'kumapita.

Dzuwa litapendeka m'khwawa muja munatsala mafupa a msana ndi ndowe basi, anthu atabalalika ndi katundu wawo. A Jonasi anati, "Che Alaudin, ntchito yatha, tiyeni." Ababa anagwira mtengo kuti adzuke, anabwerera pansi. Anayesanso, anagwa chammbali. Titamasula mabatani a jekete, mayo ine! Pansi pa nthiti panali chiboo, anali atatsekapo ndi mzuli wawo woyera wovala kumutu uja n'kumangapo lamba wa buluku. Mzuliwo unali utada bii. Tsiku lonse, achimwene, tsiku lonse lathunthu munthu akugawa nyama ali wobooka. Ndinalira mokuwa, ndinawakalipira ngati mwana, ndinaiwala kuti ndi bambo anga.

"Bwanji osanena? Bwanji osanena m'mawa muja anthu ali ambiri?"

Anandiyankha chapansipansi. "Ndikananena, amuna onse aja akanasiya nyama n'kunyamula ine. Nyama ikanatsala ndi anyamata a mipeni aja. A Lyness akanapita kwawo ndi beseni lopanda kanthu."

Amuna amphamvu anali atatsika kale. Tinatsala a Jonasi ndi phewa lawo losupuka, mkulu wina wa tsidya lija, ine, ndi mayi wina amene ngakhale dzina lake sindinafunse. Tinatola mitengo yomwe ija yonyamulira ntchafu, ikadali yonata mafuta, tinalowetsa m'matumba awiri n'kupanga machira. Ine ndinagwira kumutu. Chimene chikundiwawa mpaka lero n'chakuti anali opepuka, achimwene. Beseni lomwe ndinasenza masana linkalemera kuposa mbali yangayo. Ndinazindikira panjira pomwepo kumene kunkapita chakudya chawo miyezi yonseyi, akamanena kuti akhuta n'kukankhira mbale kwa mwana wanga Sumaiya. Njira yonse sanabuule, kupatula pamtsinje pomwe phazi langa linaterereka. Apo anangoti, "Pang'onopang'ono, Husna."

Kumsewu tinapeza galimoto. Kuchipatala cha kuno anangowamanga n'kutitumiza kutauni, kumene anawachita opaleshoni. Akuti nyanga inaboola matumbo ndipo zoipa zinakhalitsa m'mimba. Masiku oyamba tinati alhamdulillah, anayamba kumwa phala, mpaka kumawanyadira anamwino kuti iwo azinga njati ndi mpeni wa mbuzi. Kenako thupi linayamba kutentha, mimba kutupa. Anawatsegulanso kachiwiri. Lachisanu lapitali adokotala anandiitanira pakhonde, munthu waulemu wake, anandifunsa kuti, "Mayi, bambowa ali ndi ana ena?" Nditatchula inu anati, "Aitaneni." 

Lero ndabwera kunyumba kudzatenga ufa ndi zovala, amayi ndi amene atsala nawo. Mudzi wonse ukununkhirabe nyama yowamba. Ana omwe ankangokhala ndwii m'makonde akuthamanga tsopano. Anthu akubwera kudzapepesa, ku mzikiti akuwapempherera, azimayi a mvano atumiza nkhuni kuchipatala, a Lyness amabwera m'mawa uliwonse kudzatisesera pabwalo akulira. Onse akuti Che Alaudin ndi mwamuna. Ine ndinene zoona, ndawakwiyira. Ndawakwiyira kwambiri, ndipo ndikawaona atagona paja mkwiyowo umasowa kolowera. Gawo lathu lili pamwamba pa moto kukhitchini. Ine ndi amayi nyamayo yatikanika kummero, koma Sumaiya ndimamupatsa, chifukwa ndi zomwe Ababa anafuna.

Dzulo masana ndinawauza kuti a Yunusu akupita kumpoto. Anatsegula maso n'kundituma mawu, ndipo ndikuwalemba monga anawanenera: "Umuuze Abdul kuti ndili bwino, kachilonda chabe. Asasiye fodya m'munda chifukwa cha ine. Adzabwere akagulitsa." Ndakwaniritsa, musadzati sindinapereke uthenga.

Atanena zimenezo anagona pang'ono. Podzuka anandigwira dzanja mwamphamvu, akundiyang'ana m'maso mwenimweni, nkhope itawala.

"Abdul, wafika? Wayenda bwanji, mwana wanga? Ndimadziwa kuti ubwera."

Amayi anatembenukira kukhoma. Ine ndinatsitsa mawu kuti amveke ngati anu, n'kuyankha kuti, "Ndafika, Ababa. Ndayenda bwino." Anamwetulira, anagonanso osasiya dzanja langa.

Amayi akupereka moni, akuti musadandaule za mphatso, mubwere chimanjamanja. A Jonasi akupereka moni, phewa likupola. Sumaiya akuti moni kwa amalume ndi kwa abale ake, wafunsa ngati agogo abwera nyama isanathe. Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwapepese kuti ndikuwasiyira munda okha nthawi yoipa. Lole ya a Yunusu ikangotsitsa katundu ikubwerera, ndipo akuti malo akutsogolo akusungirani.

Moni wa Ababa sindilemba, anakupatsani kale dzulo ndipo ndinalandira ndine. Akadzukanso n'kukuitanani, ine mawu aja sindingathenso kuwatulutsa. Bwerani mudzayankhe nokha.

Ndine mlongo wanu,
Husna