Botolo la m'kabati mwa bambo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga bambo akudzuka bwanji masiku ano? Miyendo ija ikutupabe? Ine kuno ndilipo, msana wokha ndi umene ukudandaula. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni bambo amakhala pambali panu khutu lili tcheru, ndipo nkhaniyi ndikufuna muyambe mwaimva inuyo.

Kushopu kuja abwana andichotsa konyamula makatoni. Tsopano ndimaima kutsogolo, pa mashelefu a vinyo wa thovu. Ine ndemwe, amene ndinkati botolo lililonse lophulika ndi shampeni, lero ndikulangiza anthu. Musaseke! Wa ukwati ndimamuuza atenge wotchipa, wotsekemerako, chifukwa pachigulu palibe amene amawerenga pepala la pabotolo. Wodula uja ndi wa anthu awiri atatu, okhala pansi, omwa mosathamanga. Ena amalowa atakwiya kale ndi mitengo, koma ndikawapezera wolingana ndi thumba lawo amatuluka mano ali pamtunda.

Komatu mlangizi nayenso wagwa nayo. Chaka chomwe ndinatumizira bambo botolo lija, ndinagula awiri. Langa ndinaliika pamwamba pa furiji, ndikumati ndidzatsegula tsiku limene mapepala anga okhalira kuno adzatuluke. Sabata yatha kunabwera kalata yoti ndidikirenso chaka china, ndipo ndikachoka chisanathe sadzandilola kubwerera. Ndinalira, achemwali, kulira kwenikweni. Nditapukuta misozi ndinati basi, zaka zinayi zakwana. Ndinaitana mnzanga amene ndimakhala naye nyumba, n'kutsegula.

Chitsekero chinangozuka ngati dzino logwedera, popanda ngakhale kaphokoso. Vinyo anali atafiira, thovu kulibe, fungo lake la zipatso zoola. Abwana nditawafotokozera anapukusa mutu, akuti vinyo ameneyu amadana ndi kutentha komanso kuwala, ndipo wa mtengo umenewo sapangidwira kusunga. Akuluakulu sananame, fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Pompo ndinakumbukira bambo. Munandiuza kuti lawolo amalipukuta Loweruka lililonse n'kulibwezera m'kabati ya magalasi yoyang'ana pawindo, ndipo aliyense wofuna kuligwira amamuuza kuti lidzatsegulidwa mzime wawo akadzalowa pakhomo. Munandiuzanso zimene adokotala ananena mutatsala nawo awiri. Nkhani ziwirizi zikundidya mumtima.

Pempho langa ndi limodzi. Mwezi wamawa, tsiku lokumbukira kubadwa kwawo, botololo litsegulidwe.

Lichotseni pawindopo lero lomwe, mulibise malo amdima. Patsikulo muliviike m'ndowa ya madzi ndi ayezi kwa theka la ola. Alamu muwagwire manja, ndikuwadziwa, adzafuna kulikhutchumula ngati osewera mpira atawina chikho, theka lithere padenga. Agwire chitsekero ndi kansalu, azipotoza botolo pang'onopang'ono litapendekeka, ndipo lisaloze munthu. Mwina nalonso lasukuluka kale, choncho mugulenso lina lotchipa, lotsekemera, likhale chire. Ndi lomwenso azakhali angalikonde, chifukwa lowawasa adzangokwinya nkhope n'kunena kuti ndinawatumizira mankhwala. Ana muwagulire madzi a mphesa a thovu, opanda mowa, nawonso akweze matambula.

Ndikudziwa bambo adzakana. Adzati iwo sabweza mawu, adzakhala tsinya lili gwa ngati mmene ankachitira tikachedwa kuweruka kusukulu. Pamenepo muwauze zoona, kuti chaka chino sindibwera, ndipo amene akupempha ndine. Muwauze kuti lina ndidzabwera nalo m'manja mwanga, pakuti mabotolo kuno ndimagona nawo n'kudzuka nawo. Chokhacho musawauze ndi ichi: ndikuopa kudzafika n'kupeza botolo lili chiimire m'kabati, wolipukuta palibe.

Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana nonse, makamaka kakhanda kamene sindinakanyamule. Inu achemwali, zikomo posenza nokha katundu wa anthu awiri. Bambo muwauze kuti ndimawakonda, ndipo tambula yoyamba ikhale yawo, yodzaza.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Mzime wa bambo