Mawu akukana kulowa mwa a Wezi

Lachitatu, Luwinga. Kwazizira chomene lero, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Pazo ya Lusungu ija yandiliza. Mwanayu akukwanitsa zaka seveni Loweruka, ndipo anandipempha yekha: "Anti, mundipangire pazo yofufuza mawu, koma ioneke ngati amama." Ine ndinavomera msangamsanga, poti ndinapangapo ya nsomba ndi ya galimoto. Umangoika chithunzi pa laputopu, pulogalamu imachisandutsa mthunzi wakuda, kenako imadzaza zilembo m'katimo.

Masana ndinasankha chithunzi chomaliza cha achemwali anga a Wezi, amayi ake a Lusungu, chija ndinawajambula ataima pakhonde ku Ching'ambo atatsala pang'ono kutisiya. Pulogalamu inakana. Akuti malo achepa, mwa mawu teni angolowa atatu. Ndinayang'anitsitsa mthunziwo. Mayo ine, mapewa onse timabokosi ta zilembo tinayi basi! Tsiku lija ndinkangoona kumwetulira kwawo, sindinaone kuti anali atatha chonchi.

Ndinapeza chithunzi china chakale cha ku kwaya, ali onenepa, manja m'chiuno. Mawu onse analowa bwinobwino, MANDASI, CHITENJE, ndipo LUSUNGU anagwera pachifuwa penipeni. Ndinalira mpaka mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anangotuluka mwakachetechete.

Koma mantha anga ndi awa. Nthawi ya chithunzi chimenechi Lusungu anali asanayambe n'kuyenda komwe. Amayi amene iye akuwakumbuka ndi owonda aja. Akadzachiyang'ana Loweruka n'kundifunsa kuti, "Anti, awa ndi ndani?" kaya ine ndidzati...